Ana Athu ndi Kufuna Ntchito pa Intaneti

Mau amene adalankhula Mlembi wa Chigwirizano cha Amai pa tsiku la chikondwerero



Chaka ndi chaka pa tsiku longa lino mlembi amaimirira kuwerenga lipoti la odwala amene tidawayendera, maliro amene tidakaphikako, ndi ufa ndi nkhuni zimene tidakatula kwa amasiye. Zonsezo zalembedwa pa masamba ena a magazini ino, ndipo mukaziwerenga mofatsa kunyumba. Lero komiti yatituma kuti tikambe nkhani ina imene yakhala ikutuluka m'mapemphero athu pafupifupi mlungu uliwonse. Inu nomwe ndinu mboni kuti Amai Apampando akafunsa ngati alipo amene ali ndi chopempherera, manja amene amakwera msanga ndi a amai amene ana ao adatsiriza sukulu koma angokhala pakhomo. Tidawalipirira fizi ndi ndalama ya mtedza ndi ya zitumbuwa, satifiketi adabwera nayo, tidaiika m'sutikesi, ndipo chaka chachitatu chikutha ili momwemo.

Tisanapite patali tiulule kuti ife amene tikulankhula pano tidalekezera ku pulaimale, ndipo kompyuta sitidaiphunzire. Zimene tinenezi tidachita kukunkha monga Rute m'munda wa Boazi: zina kwa ana athu omwe, zina kwa aphunzitsi a mumpingo muno, zina kwa mai mnzathu amene amagwira mu ofesi yolemba anthu ntchito. Zina tidaziphunzira ndi misozi, monga mumve posachedwa.

Akuluakulu muli muno mukukumbukira m'mene ntchito inkafunidwira kale. Bambo ankanyamula kabulangete kake kupita kukalembetsa ku Wenela, amupime m'chifuwa, adinde chala, kenaka akwere ndege kunka ku migodi ya ku South Africa. Ena ankatsika wapansi kukafuna ntchito ku Salisbury, kumene lero akuti Harare. Mu 1974 ndege imene idanyamula anthu athu ochokera ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, amuna oposa 70 ndi kufera pomwepo, ndipo Boma lidaletsa maulendowo. Adayambanso mu 1977 ndi dzina la TEBA, ndi kudzatheratu mu 1988. Ife a m'badwo wotsatira tidaona kalata. Munthu ankagula pepala la mizere, envulopu ndi sitampa, n'kulemba ndi dzanja lake labwino, n'kuika keyala ya sukulu kapena ya mpingo, kenaka n'kumakafunsa kwa ahedi Lachisanu lililonse ngati ku positi kwabwera kanthu.

Njira ya kalatayi sidafe ai, alipo olemba ntchito amene mpaka lero amafuna envulopu. Koma ochuluka tsopano amati tumizani pa imelo, kapena lembani fomu pa tsamba lathu la pa intaneti. Ndipo ofuna ntchito achuluka koposa kale. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidalimo anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osafika zaka 18. Ana aja adakhamukira ku Sitandade 1 mu 1994, pamene sukulu ya pulaimale idakhala yaulere, lero ndi makolo, ndipo ang'ono ao ali pambuyo. Mu 2020 Unduna wa Zaumoyo utaitana anthu kuti angobwera kudzayesedwa ntchito, achinyamata adadzaza mabwalo a sukulu, ndipo ku Mzuzu ena adavulala pokankhana pa chipata. Tsono mwana wanu akatumiza kalata yake, dziwani kuti yagwera pa mulu waukulu. N'chifukwa chake tiyenera kusamala ngakhale tinthu tooneka tating'ono.

Tiyambe ndi nambala ya foni. Kuyambira mu 2018 nambala iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, chija tidajambulitsa mu 2017. Mwana wofuna ntchito akhale ndi nambala imodzi yolembetsedwa m'dzina lake, ndipo aisunge. Ana athuwa amasintha manambala ngati malaya, lero ili, mawa yataika, mkuja wabwereka ya mnzake. Olemba ntchito akaimba kawiri osapeza munthu, amapita pa dzina lotsatira. Ndipo apa pali mbali yathu amai. Ngati mwana alibe foni ndipo adalemba nambala yanu, foniyo izikhala ndi moto, ndipo ikalira ndi nambala yachilendo musayankhe ngati mukukalipira mbuzi imene yalowa m'dimba. Wina mwa ife, sitimutchula, adayankha kuti, "Ndani iwe umangoimbira mwana wanga?" Anali a ku ofesi. Mwai wake anali anthu oleza mtima, adaseka n'kuimbanso madzulo.

Chachiwiri ndi imelo. Imelo ndi keyala ija tinkabwereka ku sukulu, kusiyana kwake n'kwakuti bokosi la makalata lili m'foni momwemo, ndipo kutsegula kwake n'kwaulere. Ambiri amatsegula ya Gmail. Pano pali zinthu zimene tidaona zikugwetsa ana athu. Dzina la imelo likhale dzina lenileni la mwana, lija lili pa satifiketi, osati maina a masewera amene amatchulana ndi anzao ku mpira. Bwana wa ku ofesi akaona kalata yochokera kwa munthu wodzitcha chilombo kapena mfumukazi ya kutauni, mtima wake watembenuka kale asadaiwerenge. Kenaka pali mau achinsinsi otsegulira, amene iwo amati pasiwedi. Amenewa ndi kiyi wa bokosi lija. Alembedwe m'kope, kopelo liikidwe pamodzi ndi satifiketi. Ndipo potsegula imelo amafunsa nambala ya foni yoti idzathandize munthu akadzaiwala mau achinsinsiwo. Nambala imeneyo ikhale ya mwini wake.

Tanena zimenezi chifukwa cha mnyamata wina wa mumpingo muno. Iye adapita pa shopu ina yojambula mapepala pa tauni, mnyamata wa pa shopupo n'kumutsegulira imelo, n'kuika nambala yake ya iye wa shopuyo, mau achinsinsi n'kumulembera pa kapepala ka lisiti. Kapepalako kadachapidwa ndi buluku. Makalata ake ofunsira ntchito anali atapita kale malo asanu ndi keyala imeneyo. Atabwerera pa shopu paja adapeza pali wogulitsa zovala za kaunjika. Kaya alipo adamuyankha, kaya palibe, sitidzadziwa mpaka kale.

Imelo ikatsegulidwa iziyang'anidwa tsiku ndi tsiku, monga timavundukulira mphika uli pamoto. Ndipo muli kachipinda kena kotchedwa Spam, kumene foni imaponya yokha makalata amene yawakayikira. Nthawi zina kalata yabwino imagwera kumeneko, choncho mwana azisuzumirako. Chinanso chimene sitinkachidziwa ndi cha mabandulo. A Airtel ndi a TNM amagulitsa mabandulo a mitundumitundu, ndipo alipo ena otsika mtengo amene amangotsegula WhatsApp kapena Facebook basi. Oterewo satsegula imelo. Mwana atha kukhala pa foni tsiku lonse akucheza ndi anzake, bokosi lake la makalata lisadatseguke kwa milungu iwiri. Mukamupatsa ndalama ya bandulo, mufunseni kuti wagula iti.

Chachitatu ndi mapepala. Tulutsani satifiketi ya MSCE ija idachokera ku MANEB, ndi zina ngati zilipo, kaya za ku koleji, kaya za maluso za pansi pa TEVETA, muziike pambali pa chiphaso cha unzika, muyerekeze maina. Ife tili ndi chizolowezi chopatsa mwana maina ambiri, la agogo, la ubatizo, la ku sukulu, ndipo ena polembetsa mayeso adatenga dzina la amalume. Ngati maina akusiyana, kafunseni msanga ku maofesi oyenera m'mene mungakonzere, ntchito isadapezeke. Mapepalawo akajambulidwe bwino pa makina, akhale mu mtundu umene amati PDF, chifukwa ndi umene maofesi ambiri amaufuna. Chithunzi chojambula ndi foni satifiketi ili pa mphasa, chala cha wojambula chikuoneka pakona, sichipereka ulemu. Akajambula, mwana adzitumizire yekha pa imelo yake, kuti foni ikatayika kapena kubedwa mapepala asapite nayo.

Pamwamba pa zonsezi pamakhala pepala lotchedwa CV, limene limafotokoza mbiri ya munthu mwachidule: dzina, nambala, imelo, sukulu zimene adaphunzira ndi zaka zake, ntchito zimene adagwirapo, ndi anthu awiri kapena atatu omuikira umboni. Tsamba limodzi kapena awiri akwana. Ana ambiri amafooka pofika pa ntchito zimene adagwirapo, amati, "Amai, ndilembapo chiyani poti sindidagwirepo?" Mai wa ku ofesi uja adatitsegula maso pamenepa. Adati mtsikana amene waphunzitsa Sande Sukulu zaka zitatu wagwirapo ntchito. Mnyamata amene adasunga chuma cha bungwe la achinyamata, mabuku ake n'kupezeka olongosoka, wagwirapo ntchito. Amene amathandiza alangizi a zaumoyo pa tsiku la sikelo, amene adagulitsa mu golosale ya azakhali ake n'kumawerengera katundu madzulo, onsewo ali n'cholemba. Chachikulu chikhale choona. Bodza la pa CV limagwidwa pa tsiku la mafunso, ndipo manyazi ake amafika mpaka kwa makolo. Oikira umboni aja apemphedwe kaye. Abusa athu adatiuza akuseka kuti adaimbiridwapo foni kufunsidwa za munthu amene iwo sadamuonepo m'tchalitchi chibatizidwire.

Nanga ntchitozo zimapezeka pati? Nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times zimasindikizabe zidziwitso za malo a ntchito. Makampani, mabanki, masukulu aukachenjede ndi mabungwe ambiri ali ndi masamba aoao pa intaneti pamene amalengeza okha. Pali LinkedIn, kumene munthu amaikako mbiri yake ya ntchito kuti olemba ntchito aione. Pali ReliefWeb, tsamba la bungwe la United Nations, limene limaonetsa ntchito za m'mabungwe othandiza anthu. Ntchito za uphunzitsi, za chipatala ndi za m'makhonsolo zili ndi makomishoni a Boma amene amaziyendetsa, ndipo ofesi ya Labour ikadalipo pa boma. Koma tinene zoona, ana athu ambiri amamva za ntchito pa magulu a WhatsApp ndi pa Facebook. Zimenezi sizoipa, koma zili ngati nkhani ya pa chigayo. Ukamva pa chigayo kuti kwa amfumu kukugawidwa feteleza, sunyamula thumba n'kuthamanga, umayamba wafunsa kwa nyakwawa. Chimodzimodzi mwana akaona chidziwitso pa WhatsApp, akachifune pa tsamba lenileni la eni ntchitowo, kapena m'nyuzipepala, kapena akafike pa ofesi pao ngati pali pafupi.

Za katumizidwe sititalikitsa, aphunzitsi adzawaonetsa ndi manja. Chidziwitso chiwerengedwe kawiri, tsiku lotsekera lisadutse, dzina la ntchito lilembedwe pa mutu wa imelo monga eni ake anenera, ndipo mapepala aja amatidwe asadatumize. Kalata imodzi isamangotumizidwa konsekonse osasintha, chifukwa wina adafunsira ntchito ku banki ndi kalata yoyamika chipatala. Ife alembi timakhulupirira kope, choncho tikuti mwana agule kope la masamu, ajambule mizere, azilemba tsiku, kumene watumiza, ntchito yake ndi tsiku lotsekera. Akadzamuimbira patapita miyezi iwiri sadzachita chibwibwi kufunsa kuti ndi ntchito iti.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatiimika pano. Mai amene zidamuonekera ali muno, ndipo watilola kuti tinene, dzina lokha tisatchule. Ambiri mukuidziwa pang'ono, koma simukudziwa mbali imene ife a komiti tidalakwa.

Mwana wake wamkazi, mtsikana wofatsa amene amaimba nafe kwaya, adaona uthenga pa gulu la WhatsApp wonena kuti bungwe lina lalikulu likufuna achinyamata oti aziyenda m'midzi kulemba mabanja. Uthengawo unali ndi chizindikiro cha bungwelo, Chingerezi chake chosalala, malipiro ake okoma. Adalemba fomu pa foni Lolemba, n'kutumiza chithunzi cha chiphaso chake. Lachiwiri lomwe adalandira yankho lomuyamikira kuti wasankhidwa. Sadamufunse funso ndi limodzi lomwe. Adangoti atumize K35,000 ya kupimidwa ku chipatala ndi ya yunifomu, pa nambala ya foni imene adaipereka, isadakwane 4 koloko, kupanda apo malo ake apatsidwa kwa wina.

Mai uja adathamangira kwa Amai Msungichuma, Amai Msungichuma adatiitana ife, ndipo tidakhala pa khonde anthu atatu. Amai anzathu, tidalulutira. Tidagwada pomwepo kuthokoza Mulungu kuti wayankha. Tidatsegula thumba lathu lija timasonkha mwezi ndi mwezi kuti lizithandiza pa matenda ndi pa maliro, tidawerenga ndalamayo, ndipo tidamuperekeza mpaka kwa ejenti kuti nthawi isamuthere. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife amene adafunsa kuti kodi ofesi ya anthuwa ili kuti, nanga bwanji bungwe lalikulu likulandirira ndalama pa nambala ya munthu. Pa foni ya ejenti padatuluka dzina la munthu wamba, tidaliona ndi maso athu, ndipo tidati kapena ndi akalaliki ao.

Patapita masiku atatu adaimbanso. Adati maphunziro a ntchitoyo akachitikira ku tauni kwa mlungu umodzi, ndipo pakufunika K60,000 ya malo ogona, imene adzabweza pa malipiro oyamba. Ulendo uno mai uja adachita manyazi kubweranso kwa ife. Adagulitsa mbuzi yake imene inali ndi bere, abambo akunyumba osadziwa. Pa tsiku lonenedwa mtsikana adavala bwino, tidamupempherera pa siteji, adakwera minibasi. Atafika pa chipata cha malo amene adamuuza, adapeza achinyamata anzake atakhala m'mbali mwa mpanda ndi zikwama zao, ena ochokera kutali kuposa iye. Mlonda adati sakudziwapo kanthu. Adaimba nambala ija, yosapezeka. Adabwera usiku, ndipo kwa mwezi wathunthu sadaonekere ku kwaya.

Tidapita nawo ku polisi. Lamulo lilipo, lidakhazikitsidwa mu 2016, loweruza milandu yochitika pa foni ndi pa intaneti, ndipo nkofunika kukanena, ndiponso kudziwitsa kampani ya foni kuti nambalayo itsekedwe isadabere ena. Koma tikunena pano ndalama ija sidabwerere. Ya thumba lathu mai uja akubweza pang'onopang'ono, ngakhale komiti idagwirizana kuti theka tisenze ife, popeza tidalakwira limodzi. Za mbuzi zidafika kwa ankhoswe, ndipo tithokoze Mulungu kuti banjalo lilipo.

Chimene chimatiwawa n'chakuti nzeru yozindikirira atambwali amenewa tinali nayo kale, siyofuna sukulu. Mnyamata wachilendo akabwera kudzafunsira mbeta, kodi timangomupatsa mwana chifukwa wavala jekete? Timafunsa kwao, timafunsa mfumu yao, timatuma amalume akaone mudzi. Wogula fodya kapena soya akabwera ndi mtengo wokoma kwambiri, timayamba tayang'ana sikelo yake. Koma chinthu chikangotulukira pa foni, ndi Chingerezi, ife timadziona ngati mbuli, n'kuika nzeru zathu pansi. Safunsa adadya phula, ndipo tsiku lija ife tidadya atatu.

Tsono gwirani ichi ngakhale zina zonse muiwale. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa munthu kuti amulembe. Kaya akuti ya fomu, kaya ya yunifomu, kaya ya kupimidwa, kaya ya kuti dzina likwere pamwamba, ikangotchulidwa ndalama yotumiza pa Airtel Money kapena pa Mpamba, imani pomwepo. Bungwe la United Nations limachita kulemba pa zidziwitso zake kuti sililandira ndalama pa gawo lililonse la kulemba anthu ntchito, chifukwa akuba amakonda kubwereka maina a mabungwe otchuka. Chizindikiro cha bungwe aliyense atha kuchikopera n'kuchimata pa kalata yake. Ntchito yopezeka popanda mafunso, malipiro oposa sukulu ya mwana, kufulumizitsa kuti lero lomwe isadakwane nthawi yakuti, kuuzidwa kuti musauze anthu, zonsezi ndi fungo limodzi. Bungwe lalikulu limakhala ndi keyala ya imelo ya dzina lake, choncho likamalemba kuchokera pa Gmail ngati munthu wamba, kayikirani. Ndipo nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni kapena ya ku banki sapatsa munthu, ngakhale atanena kuti akufuna kuikamo malipiro. Alipo madobadoba ena amene sabisala n'komwe, amabwera pakhomo n'kunena kuti ali ndi m'bale wao ku likulu. Chimenecho ndi chiphuphu, ndipo mai wovala duku loyera sayenera kupezekapo.

Pali china choopsa kuposa kutaya mbuzi. Mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amai a ku Malawi kuno amene adapita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba. Ambiri adakopeka ndi anthu owalonjeza malipiro abwino, ena kudzera pa Facebook. Atafika adalandidwa mapasipoti, adagwiritsidwa ntchito usana ndi usiku, ena adamenyedwa ndi kuchitidwa zosayenera kuzitchula m'nyumba ya Mulungu. Amai oposa 50 adachita kuomboledwa kuti abwerere kwao, ndipo chidawathandiza ndi gulu la WhatsApp limene adayambitsa mai wina wa ku Malawi wokhala ku America. Mwaona, foni yomweyo idawatengera ku ukapolo, foni yomweyo idawathandiza kubwera. Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2015 loletsa kuzembetsa ndi kugulitsa anthu. Sitikunena kuti ntchito zonse za kunja n'zoipa, azibambo athu adamanga nyumba za malata ndi ndalama za ku migodi. Koma iwo ankadziwa ofesi imene yawalemba. Mwana wanu akati wapeza ntchito kunja, pitani naye ku ofesi ya Labour mukafunse ngati omutengawo akudziwika. Muone pangano lolembedwa, wina wodziwa Chingerezi akuwerengereni, musunge fotokope ya pasipoti yake, ndipo mudziwe dzina la tauni ndi nambala ya kumene akupita. Akakana kukupatsani zimenezi, mwana asakwere ndege.

Tinene pang'ono za kudikira, chifukwa ndi kumene m'nyumba zathu mumabukira mikangano. Maofesi ambiri amayankha okhawo amene awasankha kuti akafunsidwe mafunso, enawo samva kanthu. Mwana atha kutumiza makalata makumi awiri osalandira ngakhale moni. Ife tikamuona ali chete pa foni timayamba kulalata kuti ndi waulesi, kuti mwana wa uje adayamba kale ntchito. M'fanizo lija la antchito a m'munda wamphesa, pa Mateyu 20, amuna amene adapezeka pa msika dzuwa litapendeka sanali aulesi, kunali kusowa wowalemba. Kope lija tanena lidzakuthandizani kusiyanitsa. Mukalitsegula n'kupeza mizere yodzaza, mwanayo akuyesetsa, mupatseni nsima yake mwaulemu. Mukapeza loyera, pamenepo lankhulani. Ndipo podikirapo asapinde manja, alime dimba, aphunzire kusoka kapena kuwotcherera, adzipereke ku sukulu ya mkaka kapena ku chipatala, chifukwa zimenezo ndi zomwe zidzadzaze CV yake chaka chamawa.

Akaitanidwa ku mafunso, nthawi zina saitanidwa ku ofesi. Chiyambire mliri wa Covid-19 mu 2020, maofesi ena amafunsa munthu pa foni pomwepo, akuonana nkhope pa Zoom kapena pa WhatsApp. Tsiku limenelo mwana avale ngati akupita ku ofesi, foni ikhale yodzaza moto, bandulo ikhale yokwanira, ndipo inu mai muthamangitse nkhuku ndi adzukulu, muzimitse wailesi, musinje mphale yanu nthawi ina.

Komiti itakhala pansi idamanga mfundo ziwiri, ndipo Abusa ndi Akulu a Mpingo avomereza. Yoyamba, kuyambira mwezi wamawa, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse chipinda cha kuseri kwa tchalitchi chizitsegulidwa kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 12 koloko, popeza muli magetsi ndipo netiweki imagwira. Aphunzitsi awiri a mumpingo muno adzipereka kuthandiza ana kutsegula imelo, kulemba CV ndi kuyang'ana zidziwitso, kwaulere. Mwana amene ali ndi mafunso a pa foni atha kupempha kiyi kwa Amai Busa tsiku lililonse. Mtsikana uja tamukamba ndiye adayamba kupempha kuti azidzathandiza anzake, ndipo tamulola.

Yachiwiri, thumba la Chigwirizano silidzabwereketsanso ndalama yoti munthu akalipire kuti alembedwe ntchito. Ya minibasi yopitira ku mafunso, ya bandulo, kapena yojambulitsira mapepala, imeneyo tidzathandiza monga mwa mphamvu zathu, koma amai awiri a komiti ayambe aona chidziwitsocho pamodzi ndi mmodzi wa aphunzitsi aja.

Amene muli ndi ana kapena adzukulu ofuna kudzakhala nawo Loweruka loyambalo, mutipeze pa tebulo la pakhomo tikatha kudya, tilembe maina. Pobwera adzatenge chiphaso, masatifiketi, kope limodzi ndi cholembera, ndipo amene alibe foni asatsale, tidzabwerekana. Inunso amai mudzabwere nawo, mipando ilipo.